Banki Yovala Nkhope ya Inzake

Pa msika wa Namitambo, m'dera la Mfumu Yaikulu Kadewere m'boma la Chiradzulu, palibe wogulitsa nyemba kapena matimati amene amalandira ndalama yapepala ya K2,000 kapena K5,000 kwa munthu wachilendo n'kungoimanga pa chitenje asanaiyang'ane. Amaitambasula, kuisisita ndi chala kuti amve kukhakhala kwa zilembo zake, kenaka n'kuikweza kudzuŵa. Pepala lenileni limaonetsa chithunzi chobisika ndi kaulusi kodutsa m'kati mwake, pamene lachinyengo limangoti mbuu ngati tsamba la m'kope la mwana wasukulu. Luso limeneli anthu sanaliphunzire m'kalasi. Anaphunzitsana okha atapsa. Ndipo ndalamayo si yachilendo kwa iwo, pakuti nkhope ya pa K500 ndi pa K2,000 ndi ya mnansi wawo, Mbusa John Chilembwe, amene anakhazikitsa mishoni ya Providence ku Mbombwe, m'boma lomweli, m'chaka cha 1900.

Koma ndalama zambiri masiku ano sizifikanso m'manja. Amene anakula m'zaka za m'ma 1970 akukumbukira kabuku ka ku positi ofesi. Munthu ankapita yekha, kalaliki n'kulemba ndi dzanja, kudinda chidindo, ndipo mwini ndalama ankabwerera kwawo akudziŵa nkhope ya amene wamusungitsa chuma chake ndi khomo limene angakagogode zinthu zitavuta. Banki ya ku positi ija inasanduka Malawi Savings Bank mu 1994, ndipo mu 2015 Boma linaigulitsa kwa FDH. Mu 2012 kunabwera Airtel Money, mu 2013 TNM Mpamba, ndipo mabanki nawo anatsegula makomo awo m'mafoni. Ubwino wake ngosachita kufunsa. Mlimi wa ng'ombe za mkaka amalandira malipiro ake ali pakhola, ndipo mwana amene ali ku Johannesburg amatumiza ya maliro n'kufika mwambo usanayambe. Koma zinthu ziŵiri zinatsala panjira: nkhope ija ndi khomo lija. Banki ya m'foni siingakwezedwe kudzuŵa. Tsono munthu wa kwa Kadewere, wa kwa Kachindamoto kapena wa kwa Kyungu angadziŵe bwanji kuti imene ikumuyankhula pa galasi la foni yake ndi banki yeniyeni?

Mabanki achinyengo a pa intaneti alipo a mitundu iŵiri. Woyamba ndi banki yopeka, ya dzina lokoma lachizungu limene palibe analimvapo, yonena kuti likulu lake lili ku London kapena ku Dubai. Imeneyi siivuta kwenikweni kuigwira, pakuti dzina lake silipezeka m'kaundula wina aliyense. Wachiŵiri ndiwo woopsa: banki yotsanzira. Akathyali amatenga dzina la banki imene aliyense amaidziŵa, chizindikiro chake, utoto wake, ngakhale chithunzi cha nyumba yake ndi maina a akuluakulu ake, n'kumanga tsamba lofanana ndi la eni ake ngati mapasa. Wopanga ndalama yapepala yabodza amagonja chifukwa pepala ndi ulusi wa ndalama yeniyeni sangazipeze pamsika. Tsamba la pa intaneti ndi zithunzi ndi zilembo chabe, ndipo kompyuta imakopera zonsezo m'kanthaŵi kochepa osasiyako kadontho.

Nachi chifanizo cha momwe chinyengochi chimayendera, chosatchula munthu, pakuti chingathe kugwera mudzi uliwonse. Mayi wina ndi msungichuma wa gulu la banki m'khonde. Gululo lili ndi amayi 20. Bokosi lake lili ndi maloko atatu, ndipo makiyi amasunga anthu atatu osiyana, kuti pasapezeke wotsegula yekha usiku. Popeza ndalama zakwera ndipo akuba achuluka, gulu linagwirizana kuti gawo lalikulu lizikhala ku akaunti ya ku banki, imene msungichumayo amaiona pa foni yake. Mwezi ndi wa Okutobala. Kwatsala masabata ochepa kuti agaŵane, aliyense akagule feteleza mvula isanagwe.

Tsiku lina pa WhatsApp pafika uthenga wokhala ndi chizindikiro cha banki yawo. Ukunena kuti bankiyo yatsegula akaunti yatsopano ya magulu a kumudzi, ya chiongola dzanja cha K30 pa K100 iliyonse pamwezi, ndipo kulembetsa kutha Lachisanu. Pansi pake pali linki, kamzere kobiriŵira koyembekeza kudinidwa. Amene wautumiza si mlendo ayi. Ndi mlamu wake wa ku Limbe, amene nayenso anaulandira kwa mnzake wa kutchalitchi ndipo wautumiza ndi mtima wabwino. Mayiyo adina. Patseguka tsamba la utoto womwe uja amauona pa khoma la banki, lofunsa dzina, nambala ya chitupa cha unzika, nambala ya akaunti ndi nambala ya chinsinsi. Atangomaliza kulemba, foni ilira. Mawu ake ndi a mnyamata waulemu.

"Pepani amayi, ndikuimba kuchokera ku likulu. Fomu yanu taiona. Pafoni panupo pafika manambala 6. Mungondiŵerengera kuti timalize."

"Angofika kumeneŵa, achimwene?"

"Omwewo, amayi. Mufulumireko pang'ono, amatha mphamvu msanga."

Chochitika kuseri n'chakuti pamene mayiyo amalemba pa tsamba lonama, kathyaliyo amakopera zomwezo n'kumazilemba pa tsamba lenileni. Banki yeniyeni, poona kuti wina akuloŵa kuchokera pa foni yachilendo, yatumiza manambala aja kwa mwini akaunti kuti atsimikize ngati alidi iye. Motero uthenga wa manambalawo ngweniweni, wachokeradi ku banki, ndipo n'chifukwa chake umachotsa chikaiko chonse. Ndiwo loko womaliza. Powaŵerenga mokweza, mayiyo wapereka yekha makiyi onse atatu kwa munthu amene sanamuonepo. Asanathe kuphika nsima ya masana, ndalamazo zadutsa pa manambala angapo a foni ndipo zatapidwa kwa maejenti a m'matauni osiyana.

Njira ina ndi yoleza mtima. Kathyali safunsa nambala ya chinsinsi, amangoti munthu asungitse ndalama. Pa foni pamaoneka akaunti yokongola, ndipo manambala ake amakwera m'maŵa uliwonse. Woyesa kutapa K20,000 amaipeza tsiku lomwelo, n'kuthamanga kukauza abale. Imeneyo ndi nyambo. Tsiku limene afuna kutapa zonse, amauzidwa kuti ayambe walipira msonkho, kenaka ndalama yotsegulira, kenaka chindapusa cha kuchedwa, kufikira tsamba lija lizima ngati nyali imene yatha mafuta. Manambala ankakwera aja sanali ndalama. Anali zilembo zolembedwa ndi wakubayo.

Anthu ena amati ogwa mumsampha wotere ndi osaphunzira kapena adyera. Kuŵeruza kotero n'kopanda chilungamo. Magulu ambiri a banki m'khonde amakongozana pa K10 kapena K20 pa K100 iliyonse pamwezi, kotero kwa membala wa gulu lotere lonjezo la K30 silimveka ngati nthano. Limangomveka ngati gulu lochita bwino. Chimene sanauzidwe n'chakuti banki imaŵerengera chiongola dzanja pachaka, osati pamwezi, ndipo palibe banki imene ingabweze K30 pa K100 mwezi ndi mwezi n'kukhalabe ndi moyo. Palinso mantha a kugwa kwa ndalama. Mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Bambo amene anasunga ndalama ya malata n'kuiona ikupereŵera denga lisanafike pakati amatchera khutu akamva za akaunti ya madola yotsegulidwa pa foni popanda kupita ku tauni. Akathyali amamvera nkhani za pa wailesi ngati wina aliyense, ndipo amadziŵa pamene mtima wa munthu ukuŵaŵa. Mu 2023 bungwe loyang'anira za mauthenga la MACRA linanena kuti Amalaŵi ankataya pafupifupi K120 miliyoni mwezi uliwonse kudzera m'chinyengo cha ndalama za pa foni.

Ophunzira a m'maiko akutali nawonso amagwa. Ku Britain, bungwe loyang'anira makampani a zachuma la Financial Conduct Authority linalengeza kuti m'chaka cha 2020 chokha anthu anaberedwa mapaundi oposa 78 miliyoni ndi makampani otsanzira. Atambwaliwo ankagwiritsa ntchito dzina, adiresi ndiponso nambala ya chiphaso ya kampani yeniyeni, kotero kuti wofufuza m'kaundula ankaipezadi nambalayo n'kukhutira. Ku India zinafika poseketsa. M'chaka chomwecho, m'tauni ya Panruti m'chigawo cha Tamil Nadu, apolisi anamanga anthu atatu amene anatsegula nthambi yonama ya State Bank of India, ya nyumba yeniyeni, makompyuta, mafomu ndi chikwangwani, ndipo inakhala pafupifupi miyezi itatu. Chimene chinaiulula sichinali cholakwika pa chikwangwanicho. Kasitomala wina anakafunsa kwa mkulu wa nthambi yeniyeni za nthambi yatsopanoyo, ndipo mkuluyo anadabwa.

Pamenepo mpamene pagona nkhani yonse, ndipo anthu a ku Chiradzulu anaidziŵa kale mafoni asanabwere. Mwamuna wochokera kutali akafuna kukwatira m'mudzi n'kudzakhala pa chikamwini, amalume a mkazi sakhutira ndi jekete lake, ngakhale ndi kalankhulidwe kake kaulemu. Sakhutiranso ndi munthu amene wabwera naye n'kunena kuti ndi malume wake, pakuti malume wotere angathe kukhala wolembedwa ganyu pa siteji ya basi. Ankhoswe anzeru amanyamuka okha, pa tsiku lodzisankhira, pa njira yodzifunsira, kupita ku mudzi umene akuti ndi kwawo, ndipo amakafunsa kwa nyakwaŵa ndi kwa anansi ngati mwanayo alidi wawo ndiponso ngati sanasiye mkazi wina ndi ana. Mlendo sadzichitira yekha umboni. Chilichonse chofika pamodzi ndi uthenga wa pa foni, kaya nambala yoti munthu aimbepo, kaya linki, kaya chithunzi cha chiphaso chokhala ndi chidindo, kaya mawu a anthu amene akuti anapindula kale, ndi malume wobwera ndi mkamwini. Sichitsimikiza kanthu ngakhale chitakongola motani. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo wofuna kudziŵa za m'katimo ayenera kuswa mkuyuwo ndi manja ake.

Nyakwaŵa ya mabanki m'dziko muno ndi Reserve Bank of Malawi, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1964 n'kuyamba ntchito mu 1965. Likulu lake lili ku Lilongwe, nthambi zake ku Blantyre ndi ku Mzuzu. Malinga ndi malamulo aŵiri a 2010, la Banking Act ndi la Financial Services Act, Gavanala wa bankiyi ndiye wosunga kaundula wa mabungwe a zachuma, ndipo palibe wololedwa kuchita malonda a banki popanda chiphaso chochokera kwa iye. Mu 2024 mabanki a malonda okhala ndi chiphaso anali 8: National Bank of Malawi, Standard Bank, FDH Bank, NBS Bank, First Capital Bank, Ecobank, CDH Investment Bank ndi Centenary Bank. Ndi ochepa kuposa ana a m'mabanja ena, ndipo munthu angawaloŵeze pamtima akupalira chimanga. Pambali pa ameneŵa pali mabungwe obwereketsa ndalama zing'onozing'ono ndi ma SACCO, amene nawonso amalembedwa ku ofesi yomweyo. Mndandanda umasintha, mabanki amagulana ndi kusintha maina, kotero woyenera kuukhulupirira ndi umene uli pa tsamba la Reserve Bank, la rbm.mw, kapena umene angaupereke a ku ofesi zake.

Komabe kaundula amayankha funso limodzi lokha: kodi banki ya dzina ili iliko? Sayankha funso lachiŵiri: kodi amene akuyankhula pa foniyu ndi wa banki imeneyo? Banki yopeka imagwa pa funso loyamba. Yotsanzira imalumpha loyambalo ikumwetulira, ndipo imagwa pa lachiŵiri pokhapokha munthu atafunsa kudzera pa njira imene anali kuidziŵa uthengawo usanabwere.

Njira yoyamba ndi adiresi ya tsamba, timalemba ting'onoting'ono tokhala pamwamba pa galasi la foni. Tsamba lingakopedwe lonse, koma adiresi imodzi siingakhale ya eni aŵiri. Ya National Bank, mwachitsanzo, ndi natbank.co.mw. Wotsanzira sangaitenge, choncho amapanga yoyandikana nayo. Amaonjeza liwu kapena kamzere pakati. Amaika nambala 1 m'malo mwa chilembo l, kapena 0 m'malo mwa o. Amagundanitsa r ndi n kuti zioneke ngati m. Ena amalemba dzina lenileni la banki kumayambiriro n'kulumikiza mchira wautali, podziŵa kuti anthu amaŵerenga poyambira pokha, pamene dzina la mwini tsamba limakhala chakumapeto, pafupi ndi kamzere kopendekera koyamba. Zonsezi n'zoona ndipo n'zofunika kuzidziŵa. Koma kunena mosabisa, pa foni ya galasi long'ambika, padzuŵa la masana, ndi maso a munthu wa zaka 55, kusiyana kwa rn ndi m sikuoneka. Langizo loti anthu aziyang'anitsitsa adiresi ndi la m'maofesi. La kumudzi ndi lakuti munthu asaloŵe konse ku banki kudzera pa linki imene watumiziridwa, ngakhale ndi mwana wake womubala yekha. Alembe yekha adiresi imene anaikopera pa fomu ya ku nthambi. Asadalirenso chotuluka pamwamba akafufuza dzina la banki pa Google, pakuti malo a pamwambawo nthaŵi zambiri amakhala olipiridwa, ndipo akuba nawo amatha kulipira.

Kwa zaka zambiri anthu ankaphunzitsidwa kuti kaloko kooneka pambali pa adiresi ndi chizindikiro cha tsamba lodalirika. Chiphunzitso chimenecho chinatha ntchito. Kalokoko kamangotanthauza kuti zimene munthu akulemba sizikuŵerengedwa panjira. Sikanena kuti kumapeto kwa njirayo kwakhala ndani. Masiku ano aliyense amakapeza kwaulere, wakuba yemwe, ndipo mu 2023 kampani ya Google inakachotsa pa pulogalamu yake ya Chrome itaona kuti anthu ambiri amakamva molakwika. Kalata yomata bwino ingathe kupita kwa mbava.

Njira yachiŵiri ndi manambala afupi amene munthu amaimba yekha: *626# ya National Bank, *247# ya Standard Bank, *525# ya FDH, *322# ya NBS, *211# ya Airtel Money, *444# ya Mpamba. Imeneyi ndi njira yovuta kuitsanzira, ndipo imagwira ngakhale pa kafoni ka mabatani. Koma nayo ili ndi malire. Ngati wina ali pa foni n'kumalamula kuti dinani 1, dinani 3, lembani nambala iyi, ndiye kuti mwini foni akuyendetsedwa ngati ng'ombe pagoli, ndipo kumapeto kwake adzapeza kuti watumiza yekha ndalama zake kudzera pa khomo lenileni. Dzina la banki looneka pamwamba pa uthenga kapena pa foni ikamalira nalonso si umboni, pakuti pali zida zolembera dzina lililonse pamenepo. Wolandira foni yotere adule, apume, atenge khadi lake la ATM, aimbe nambala yolembedwa kuseri kwake. Wantchito weniweni wa banki sakwiya akadulidwa foni pa chifukwa chotere. Wokwiya kapena woopseza kuti akaunti itsekedwa ola lomwelo wadziulula yekha.

Njira yachitatu ndi yakale ija ya miyendo. Kuchokera kwa Kadewere kupita ku Limbe, kumene kuli nthambi za mabanki, ndi ulendo wa tsiku limodzi kupita ndi kubwera. Ndalama ya kabaza ndi minibasi imaŵaŵa, koma gulu la amayi 20 likaigaŵana siifika pa mtengo wa mulu wa matimati aliyense. Asapite mmodzi. Apite aŵiri kapena atatu, monga momwe amachitira ndi makiyi a bokosi, akaonetse uthengawo kwa wantchito wokhala kuseri kwa kauntala, osati kwa mnyamata woima pakhomo wodzipereka kuthandiza. Safunsa anadya phula.

Zilipo zizindikiro zina zosafuna ulendo. Banki siifunsa nambala ya chinsinsi, pa foni, pa uthenga kapena pa fomu, chifukwa siifunikira nambalayo kuti ione akaunti ya kasitomala wake. Siiuza munthu kuti atumize ndalama yotsegulira ngongole ku nambala ya Airtel Money kapena Mpamba yolembedwa m'dzina la munthu wamba. Dzinalo limaoneka pa foni munthu asanatsimikize kutumiza, ndipo ndi bwino kuliŵerenga mokweza. Siipereka ngongole kwa amene sanaipemphe. Siilamula kuti nkhaniyo ibisidwe kwa mwamuna, kwa mkazi kapena kwa gulu. Ndipo siitumiza pulogalamu yake pa WhatsApp kuti munthu aiike m'foni, pakuti pulogalamu yobwera motero ingathe kuŵerenga mauthenga onse ofika pa foniyo, kuphatikizapo manambala 6 aja, mwini wake ali mtulo.

Pasakhale kusokoneza: kusoŵa nyumba si umboni wa chinyengo. Ku South Africa, kumene kuli ana ambiri a ku Chiradzulu, mu 2019 kunayamba banki ya TymeBank yopanda nthambi ngakhale imodzi, koma yokhala ndi chiphaso cha South African Reserve Bank. Amene ali ku Joni afufuze kumeneko. Omvera a m'malire a Mchinji ochita malonda ndi Chipata afufuze ku Bank of Zambia, a ku Mulanje, Mwanza ndi Dedza ku Banco de Moçambique. Chosiyanitsa ndi chiphaso, ndipo phindu la chiphaso limaoneka pa tsiku la tsoka. Banki yeniyeni nayo ingathe kugwa, koma ili ndi woiyang'anira ndi kokaisumira, ndipo m'dziko muno lamulo la 2022 linakhazikitsa bungwe la Deposit Insurance Corporation, lobwezera osunga ndalama kufikira pa mlingo woikika banki ya chiphaso ikalephera. Ndalama yoikidwa m'banki yotsanzira siinaloŵe m'banki iliyonse. Palibe buku limene inalembedwamo.

Nanga amene wagwa kale? Mdani wake wamkulu pa ola loyamba ndi manyazi. Msungichuma uja angathe kugona masiku atatu osadya, akuganiza momwe angawauzire anzake, ndipo masiku atatuwo ndi amene akathyali amawafuna. Choyamba ndi kuimbira banki yeniyeni kapena kampani ya foni nthaŵi yomweyo kuti atseke akaunti ndi kuyesa kuimitsa ndalama imene isanatapidwe. Nthaŵi zina imapezeka ikadali panjira, nthaŵi zambiri ayi. Chachiŵiri ndi kusintha nambala ya chinsinsi paliponse pamene inagwiritsidwa ntchito, popeza anthu ambiri ali ndi imodzi yokha, kaŵirikaŵiri chaka chawo chobadwa, chimenenso chalembedwa pa chitupa chomwe anatumiza chija. Chachitatu ndi kusafufuta kanthu. Mauthenga, manambala a foni, adiresi ya tsamba ndi maola zikhale momwemo, apite nazo ku polisi ya pafupi, imene ingatumize nkhaniyo ku nthambi ya Fiscal yoona milandu ya zachuma. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 limaŵerenga chinyengo chotere kukhala mlandu. Foni imene yangosiya mwadzidzidzi kugwira netiweki pamene za anansi zikugwira nayo ifunika kuthamangira nayo ku ofesi ya kampani, pakuti mwina wina watengetsa simu khadi yatsopano ya nambala yomweyo kuti azilandira mauthenga a ku banki.

Kugwira akubawo kumavuta pa chifukwa chimene chimayambira m'midzi momwemo. Kuyambira 2018 simu khadi iliyonse iyenera kulembetsedwa ndi chitupa, koma akathyali salembetsa ndi chawo. Amagwiritsa ntchito zitupa za anthu amene anazibwereketsa pa K1,000 ya sopo, kapena amene anazipereka kwa munthu wodutsa wonena kuti akulemba maina a olandira thandizo. Apolisi akhala akunena kuti mafoni ambiri achinyengo amaimbidwa kuchokera m'ndende, makamaka ya Zomba, koma akatsata nambala yolandira ndalama amakafika pakhomo pa gogo wa kumudzi amene foni alibe n'komwe. Mafumu ndi anyakwaŵa angathandize kwambiri pokana kuti zitupa za anthu awo zisonkhanitsidwe ndi aliyense amene sanadzere ku ofesi ya bwanamkubwa.

Gulu nalo liyenera kumva nkhaniyo tsiku lomwelo, pamaso pa mboni, foni ili pamphasa kuti aliyense aone mauthengawo, chifukwa msungichuma wochedwa kuulula amasanduka woganiziridwa, ndipo milandu yotere yapasula magulu ndi maubale. Mlamu wa ku Limbe auzidwe kuti achenjeze onse amene anawatumizira linki ija. Ndipo pakapita masabata aŵiri kapena atatu foni idzaliranso. Woimbayo adzanena kuti ndi wa ku polisi, kapena wa ku Reserve Bank, kapena loya wothandiza oberedwa, kuti ndalama zija zapezeka ndipo pangofunika K50,000 ya mafuta a galimoto ndi chidindo cha kukhoti. Adzatchula dzina la mayiyo, mudzi wake ndi ndalama yeniyeni imene inatayika, osaphonya tambala. Ameneyo ndi mnyamata waulemu uja, kapena mnzake amene wagula kwa iye mndandanda wa maina.